Mawu a Mayi Mphindi Anali Chidindo

Mamiliyoni khumi ndi anayi ndiyo ngongole imene azakhali anga anasenza, chikhalirecho pa ndalamazo sanadyepo ngakhale khobidi.

Azakhaliwo, mlongo wa bambo anga, anali mmodzi wa akuluakulu pa kampani ina yotsatsa malonda. Ena ankalemba mawu a malondawo, ena ankajambula zithunzi, koma iwo ndiwo ankasankha kumene uthengawo ukamvekere: wailesi iti, nthawi yanji, tsamba liti la nyuzipepala, chikwangwani cha pamsewu uti. Ankadziwa nthawi imene amayi amatsegula wailesi akuchapa, ndiponso mphambano imene magalimoto amaima mpaka woyendetsa kuwerenga chikwangwani mosafuna. Kumawailesi ankawatcha Mayi Mphindi, poti mtengo wa mphindi ankaunenerera ngati wa tomato.

Pa ntchito imeneyi mapepala amachedwa. Choncho pali chizolowezi chakuti munthu wodalirika amangoimba foni, malonda n'kuyamba kuulutsidwa, mgwirizano wosainidwa n'kutsatira pambuyo. Kwa zaka zambiri mawu a azakhali anali chidindo.

Tsiku lina kampani ya sopo inafuna kuti sopo wake watsopano amveke paliponse sabata yomweyo. Bwana wa azakhali anaima pakhomo pa ofesi yawo, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Mayi, imbani mafoni. Pepala asaina Lolemba."

"Bwana, Lolemba la anthu a sopo limafika mwezi utatha."

"Aa, inunso mwayamba mantha? Ine ndilipo, si ine ndanena?"

Azakhali anaimba. Mwa amene anavomera panali mwini wailesi ina yaing'ono, bambo wachikulire amene ankawakhulupirira ngati mbale wake. "Mlongo," anatero akuseka, "inu mukalankhula, ine ndimadula nyimbo ngakhale ili pakati." Anachotsa malonda a anthu ena n'kupereka kwa sopoyo nthawi yabwino koposa, ija yoti nkhani zangotsala pang'ono kuyamba.

Sopo uja anapezeka kuti ndi woyabwa pakhungu, ndipo anthu anamusiya m'mashelefu. Kampani yake inakana kulipira, inati palibe chimene inasaina. Pamsonkhano wa akuluakulu bwana anayang'ana kudenga n'kunena kuti sakukumbukira zoti analamula. Chizolowezi chimene chinamumangira nyumba yosanja, tsiku limenelo anachitcha kuphwanya malamulo. Azakhali anatuluka ndi katoni ya katundu wawo, anzawo onse maso ali pa makompyuta.

Lamulo silinawakakamize kubweza kalikonse. Koma atamva kuti wailesi yaing'ono ija yachotsa aulutsi awiri chifukwa chosowa malipiro, anagulitsa galimoto yawo n'kupita kwa bambo wachikulire uja.

"Mlongo, ngongoleyi si yanu," anatero bamboyo, akukankha envulopu ya ndalamazo.

"Nanga foni ija anaimba ndani, achimwene?"

Bamboyo analandira ndi manja awiri, osawayang'ana kumaso.

Pambuyo pa galimoto panapita nyumba. Lero azakhali amagona m'chipinda chathu chakumbuyo, momwe kale tinkasungamo njinga ndi ndowa. Afunsira ntchito m'makampani onse a malonda, koma mbiri yakuti anaononga mamiliyoni imafika iwo asanafike. Wailesi satsegula. Bambo anga akawaseka kuti, "Mayi Mphindi, lero mphindi ikugula bwanji?" amamwetulira pang'ono pofuna kuwasangalatsa.

Kuseri kwa mpanda wathu kumaoneka chikwangwani cha sopo uja, chosuluka ndi dzuwa, poti palibe amene analipira woti akachitsitse. Malowo anasankha ndi azakhali, ndipo anasankha bwino: palibe wodutsa amene sachiona.

Theka la ngongoleyo likadalipo, ndipo akuti adzalimaliza. Bwana anakwezedwa pa udindo. Mawu awiri okha amene akanatsuka dzina la azakhali, akuti "ndinalamula ndine," mpaka lero sanawanene.