Kamphaka Kamene Kanakana Phala

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, ndipo sanandifunse n'komwe ngati ndikuifuna. Inali nthawi ya Chitaganya, atsamunda akulamulirabe dziko lino, ine ndili mtsikana wongolekeza kumene sukulu. Azakhali ankagulitsa mbatata ya kachewere pamsika wa Tsangano, ndiye anamva kuti a Ndau, amene anabwerako ku Joni n'kutsegula sitolo ndi kantini ya tiyi, akufuna mtsikana wothandiza. Anandiperekeza m'mawa, akundilangiza njira yonse. Titafika pakhomo la sitolo anandiuza kuti, "Esinati, ukandichititsa manyazi muno, pakhomo panga usadzapondenso." Kwathu kunali kutali, cha ku Biriwiri, ndipo ndinkagona kwa azakhali omwewo. Ntchito ikanatha, malo ogona akanathanso.

Ntchito yake inali yosakhalitsa munthu pansi. Kukoleza mbaula, kutereka ketulo yaikulu, kutunga madzi kudambo, kutsuka makapu a chitsulo ndi phulusa, kusesa kuseri kwa matumba a mchere ndi shuga. Wondiyang'anira anali anaPhiri, akazi a a Ndau, mayi wosadziwa kulankhula motsitsa. Akaitana dzina langa, ngakhale a kumsika ankacheuka.

M'sitolomo munali mphaka wamkazi amene a Ndau anamutenga kutsidya kwa malire, kwa Apwitikizi. Asanabwere mphakayo, makoswe ankaboola matumba, kudya sopo ndi makandulo omwe. Iye atabwera, zonse zii. Sabata yanga yachiwiri, galu wa munthu wina wobwera kumsika anamugwira pakhosi n'kumupha, ndipo kuseri kwa matumba a mchere tinapezako tiana titatu tongoyamba kumene kutsegula maso. Tiwiri tinafa tsiku lotsatira. Kanatsala kamodzi kotuwa, kakang'ono kokwana m'dzanja langa.

Tsiku lomwelo a Ndau ankakwera lole kupita ku Balaka kukatenga katundu wofika pa sitima. Mwendo umodzi uli kale pa lole anandiitana. "Iwe, kamphaka aka ndakasiya m'manja mwako. Amake ndiwo ankandisungira sitoloyi. Ndikadzapeza kafa, ntchito yathanso."

Kunena zoona sindinade nkhawa. Ndinalera ang'ono anga atatu, ndiye kamwana ka mphaka kakanandivuta chiyani? Kwathu khanda tinkalimwetsa phala motere: ulikhazika chagada pamiyendo, ukhotetsa dzanja pansi pa kamwa, uthira phala lamadzimadzi m'dzanjamo, ndipo likatsegula kukamwa kuti lilire, phala lija limalowa lokha. Amayi ankatero, ine ndinkatero, aliyense ankatero. Ndinaphika phala losalala bwino, ndinakagoneka kamphaka chagada, ndinakatsegula kukamwa ndi chala, n'kuthira. Kanatsamwa. Phala linatulukira m'mphuno, miyendo ikuphupha. Ndinayesa mkaka wa pa supuni, zomwezo. Ndinakakalipira ngati kakumva: "Ana a anthu amadya, iwe ndiwe yani?" Madzulo ndinakaika m'katoni pakona, pa simenti, poganiza kuti njala ikakapweteka kadzadya kokha.

Unali mwezi wa Juni, ndipo amene anagonako ku Tsangano mu Juni akudziwa zimene ndikunena. Kutacha linali tsiku la msika, chifunga chili mbuu. Ndinathamangira kukatoni kuja ndisanakoleze moto. Kamphaka kanali kozizira ngati mwala wa mumtsinje. Sikankaliranso. Kamimba kanali kotupa, kolimba, pomwe sikanadye kanthu. Ndinakoleza mbaula, ndinapita kukatoni. Ndinatereka ketulo, ndinapitanso kukatoni. Ndinatsuka kapu imodzi kawiri, ina osaitsuka. AnaPhiri anakuwa kuti madzi atha, ine n'kutuluka ndi ndowa, kufika pakhonde n'kubwerera kukasuzumiranso.

A Nyoni anandipeza nditagwada pamenepo, supuni m'manja. Anali bambo wachikulire woweta ng'ombe, amene ankabweretsa mkaka wa kantini m'chitini m'mawa uliwonse. Anaona mmene ndakagwirira chagada, n'kundilanda supuni ija.

"Mwanawe, ukufuna kukamaliza? Unaonapo thole la ng'ombe likuyamwa chogona chagada?"

"Sikakudya, agogo. Ndayesa phala, ndayesa mkaka."

Anakagwira pamimba ndi kumsana kwa chala, n'kupukusa mutu. "Kazizidwa aka. Thole lozizidwa siliyamwa, olo uliikire bere m'kamwa. Uyambe wakafunditsa. Chakudya pambuyo."

Ndinafuna kukaika pafupi ndi mbaula, iwo anakana, amvekere makala akaotcha khungu m'kati muli mozizirabe. Kutentha kofunika ndi kwa thupi. Anandiuza kuti ndikaike pachifuwa, khungu ndi khungu, n'kumanga mpango kuti kasagwe. Kenaka anandifotokozera zotsatira, akuwerenga pa zala. Mkaka ndiuwiritse, ndisakanize ndi madzi owiritsa pang'ono ndi chachikasu cha dzira, ndiuyese podontheza pamkono, ukhale wofunda osati wotentha. Supuni ayi. Ndidule kachingwe ka nyali katsopano, kosakhudzapo palafini, ndikachape, ndizikaviika mumkaka kuti kamphaka kaziyamwa. Kazikhala chafufumimba, mutu chokweza pang'ono. Ndipo za mimba yotupayo anandifunsa funso lina.

"Ng'ombe ikabereka, imatani ndi mwana wake?"

"Imamunyambita."

"Eya. Mphakanso. Kopanda kunyambitidwa kumunsi, aka sikakodza, sikabiba. Lilime ulibe loti n'kutero, koma kansalu konyowa ndi madzi ofunda uli nako."

Ananyamula chitini chawo n'kumapita, ng'ombe zikuwadikira. Ine ndinalowetsa kamphaka m'malaya, ndinamanga mpango mozungulira chifuwa, ndinafunda nsalu pamwamba. Kuzizira kwake kunandilowa mpaka ndinanjenjemera.

Anthu a msika anayamba kudzaza m'kantini. Ndinkathira tiyi ndi dzanja limodzi, lina lili pachifuwa. Ndikawerama pa mbaula ndinkaopa kuti kagwera pamoto. Ndikayenda ndinkamvetsera ngati kakupuma, osamva kanthu koma mtima wanga womwe. Munthu wina ndinamupatsa tiyi wopanda shuga, wina ndinamuthirira kawiri. Dzuwa linakwera, chifunga chinachoka, m'malayamo muli chete. Ndinayamba kuganiza kuti ndabereka mtembo, ndiponso zimene ndikawauze azakhali.

Cha kumasana ndikupereka kapu kwa mayi wina wogulitsa kabichi, ndinamva tizikhadabo tikundikanda. Mpango unagwedezeka. Mayi uja anaona, anataya tiyi n'kudzambatuka.

"Mayo! Mtsikana uyu ali ndi chinthu m'chifuwa! Chikuyenda!"

Kantini yonse inatembenuka. Masiku amenewo mphaka sanali chiweto chonyamula ngati mwana, ndipo munthu wobisa mphaka m'thupi ankamuganizira zina. Wina anati, "Mwana wa yani ameneyu?" Wina anayankha kuti wa kwa mayi wa kachewere uja. AnaPhiri anatulukira kusitolo maso ali psuu.

"Esinati! Chotsa chimenecho pompano, ukachiponye m'katoni. Ukufuna anthu aziti m'kantini mwanga muli zaufiti?"

Chibadwire ndinali ndisanamukanirepo munthu wamkulu. Koma kanthu kaja kanali katangoyamba kufunda, ndipo ndinkadziwa chimene simenti ija ikakachite. Ndinagwada, ndinamasula mpango pamaso pa onse, ndinakaonetsa.

"Mayi, pepani. Ndi kamphaka ka abambo kaja. Ndikakabwezera pansi kafa. Mundikalipire, koma sindikachotsa."

Kanasankha nthawi yomweyo kulira, kamawu kakang'ono koma kakuthwa. Bambo wina wa njinga anaphulika kuseka, amvekere, "Mfiti yake ndi imeneyi?" Ena anaseka naye, mayi wa kabichi anatuluka akung'ung'udza ndipo sanadzamwenso tiyi kwathu. AnaPhiri analowa m'sitolo, anatenga sizasi, anadula okha kachingwe ka nyali n'kundiponyera. "Ufulumire. Makapu sadzitsuka okha."

Ndinakhala kuseri kwa kantini padzuwa. Ndinayamba ndi kansalu kofunda, kusisita pansi pa mchira pang'onopang'ono. Poyamba panalibe kanthu, kenaka kanakodza, n'kundinyowetsa nsalu yonse, ndipo sindinasangalalepo ndi mkodzo ngati tsiku limenelo. Ndinakagoneka chafufumimba pantchafu, ndinaviika kachingwe mumkaka umene ndinakonza monga anandiuzira a Nyoni, ndinakakhudzitsa pamlomo. Kanatembenuza mutu kumbali. Ndinayesanso, kanakananso. Dzanja linkafuna kukatsegula kukamwa mwamphamvu monga ndinazolowera, ndinadziletsa. Kachitatu dontho linatsalira pamlomo, kalilime kanatuluka. Kenaka kanagwira kachingwe kaja n'kuyamba kukoka, timakutu tikugwedera, timiyendo takutsogolo tikuponda chala changa. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

Kuyambira pamenepo ndinkakayamwitsa pafupipafupi, pang'onopang'ono, n'kukapukuta kakamaliza. Kachingwe ndinkakawiritsa tsiku lililonse. A Ndau atabwera anatsika lole osapereka moni, anangofunsa kuti, "Kali kuti?" Ndinaloza pachifuwa. Anasuzumira, anati "Hmm," n'kundiuza kuti ndithandize kutsitsa katundu. Ndinagwira ntchito pamenepo mpaka ndinakwatiwa.

Chimene ndinatengapo n'chakuti chamoyo chikakana kudya, usathamangire kuchikakamiza, uyambe wafufuza chimene chikuchiletsa. Mwana wanga woyamba anabadwa masiku asanakwane, m'nyengo yozizira yomweyo, wochepa thupi, wosatha kuyamwa. Amayi akuluakulu anabwera ndi kambale ka phala, manja atasamba kale. Ndinawakanira onse, apongozi anga omwe, ndipo ananditcha wamwano mwezi wathunthu. Ndinamumanga pachifuwa, khungu ndi khungu, ndikumudonthezera mkaka wanga pamlomo kufikira anagwira bere yekha. Lero ali ndi imvi, ndipo ndiye wandigulira kope limene ndikulembamoli.