Kaphokoso Kachitatu M'khutu mwa Mkazi Wanga

Mkazi wanga anayamba kudandaula za khutu sabata imene makuponi a fetereza anafika m'mudzi mwawo, kumene ndinkakhala chikamwini ndikuphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera. Ankati chigayo cha patsidya chikamalira, wailesi nayonso ikuyankhula, amamva kaphokoso kachitatu, kang'ono ngati ka udzudzu, kamene ena tonse sitinkakamva.

Yankho ndinali nalo. Ku koleji anatiphunzitsa kuti mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kodzaza madzi. Mawu awiri akalowa pamodzi, mafunde ake amawombana m'madzimo n'kubala mawu ena amene palibe wawatulutsa, ndipo mawuwo amayenda m'madzi momwemo kubwerera kunja. Ndinatunga madzi m'beseni, n'kugogoda mbali ziwiri, kumuonetsa pamene timafunde tinkakumana.

"Aphunzitsi," anaseka, "ndiye mutu wangawu ndi beseni?"

"Si matenda amenewo," ndinatero. "Tikaombola fetereza tidzapita kuchipatala."

Anaima pamzere masiku atatu, poti kuponi inali m'dzina lake. Tsiku lachinayi khosi linauma. Kuchipatala anagonako masiku awiri okha, n'kutisiya.

Maliro atatha, ndikulongedza zovala zake, ndinapeza kabotolo ka madzi akuda onunkha fodya. Kuno ena amanyika tsamba la fodya wa bale m'madzi n'kudontheza m'khutu lopweteka, ndipo pakhomopo amene ankachita zimenezi anali apongozi anga aakazi. Ndinabisa kabotoloko m'thumba la jekete. Sindinafunse munthu. Ndinangoyamba kuyang'anitsitsa chilichonse chimene manja awo ankagwira, chifukwa mwana wathu wamkazi, wa zaka ziwiri, mwamwambo anayenera kutsala nawo ine ndikamachoka pamudzipo. Mumtima ndinali nditatsimikiza kale kuti ndimutenga.

M'mawa wina mwanayo anayamba kukoka khutu n'kumalira. Mwamwambo ine ndi apongozi sitiyang'anizana, ndiye iwo anakhala chondifulatira pafupi ndi chigafa, n'kumayankhula ndi mwanayo.

"Iwe, uwauze bambo akowo andibwezere kabotolo kanga. Akuyesa sindinawaone?"

"Uwauze agogo ako kuti khutu lako sililawa fodya," ndinayankha.

"Eya, fodya ndi woopsa. Mankhwala enieni ndi beseni."

Sindinkadziwa kuti tsiku la beseni lija analipo. Pamene ine ndinkasunga kabotolo, iwo ankasunga beseni.

Ndinakwera kabaza ndi mwanayo mpaka ku Boma. Dokotala anaunika m'khutu ndi katochi, anati ndi kachilonda chabe, natipatsa mankhwala. Kenako ndinatulutsa kabotolo kaja n'kufotokoza za mayi a mwanayo. Ananunkhiza, nakwinya nkhope.

"Izi zisiyeni, zimawaula khungu. Koma madzi a mkati mwa khutu amene mukunenawo ali kuseri kwa ng'oma ya khutu. Ng'omayo ikakhala yosabooka, izi sizifikako."

"Nanga ikakhala yobooka?"

"Malemuwo ankatuluka mafinya?"

"Ayi."

"Ndiye botololi musaliimbe mlandu. Matenda oumitsa khosi amafuna changu basi. Munabwera nawo tsiku lachingati?"

Ndinamangirira mwana nsapato. Dokotala sanafunsenso.

Pobwerera ndinakhuthula madzi aja m'mphepete mwa munda wa fodya, ndipo kabotoloko ndinakaika pakhonde la apongozi kali kopanda kanthu. Ndinatsitsa mwana pamphasa.

"Uwauze agogo ako kuti ukhala nawo. Koma khutu likangovuta, kabaza, tsiku lomwelo."

Anamukoka n'kumuika pamiyendo, osacheuka.

"Uwauze kuti ife sitidikira fetereza."

Ndinasamukira m'nyumba ya pasukulu. Loweruka lililonse ndimapita kukamuona. Ndikamunyamula ndimayandikitsa mphuno kukhutu kwake, lamanzere kenako lamanja, ngati ndikumupsompsona. Apongozi amakhala atafulatira, koma manja awo amasiya kusankha fodya mpaka nditamaliza.