Tsiku Lomwe Khoti Linaopa Mng'ono Wanga

Adada anali achibwibwi. Mawu akawakakamira pakhosi ankaponda pansi mwamphamvu mpaka atuluke, ndipo anthu osaleza mtima ankawamalizira nkhani molakwika. N'chifukwa chake kuyambira pomwe mayeso a fomu yachitatu anandibweza kumudzi kwathu ku Mphamba, ine ndiye ndinali pakamwa pawo. Kaya n'kokagulitsa fodya, kaya n'kokapepesa maliro, kaya n'kokamba za ukwati wa mlongo wanga, ine ndinkayankhula, iwo n'kumangogwedeza mutu. Ndinalibe satifiketi, ndinalibe ng'ombe, koma ntchito imeneyo inali yanga ndipo ndinkayenda nayo monyada.

Kenaka mng'ono wanga, wopondana nane, anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Lusaka kukaphunzira zamalamulo. Ndinasangalala tsiku loyamba lokha. Pomwe ankabwera ku holide n'kuti mudzi wonse utamutcha kale loya. Tcheyamani wa chipani, yemwe ife ankatiimitsa pakhomo la msika kufuna khadi, iye ankamupatsa moni wa manja awiri. Amayi anamupatulira kapu yakeyake. Kamnyamata komwe ndinkakapukuta mamina ine! Nsanje inandigwira, ndipo sindinayese n'komwe kuibisa.

Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa ndinamufunsa kuti andiuzeko lamulo limodzi lokha lomwe waphunzira.

"Akulu, malamulo enieni tikalibe kuyamba," anatero. "Chaka choyamba timaphunzila mbili yakale, zachuma, ndale na kakhalidwe ka anthu. Amati sungamve lamulo usanadziwe anthu amene lizawagwila."

Ndinaseka mpaka misozi. Mbiri yakale ndinaiphunzirako nanenso, koma palibe anandipatulira kapu. Madzulo ndinakawanong'oneza amayi kuti loya wawoyo sanaone n'chikuto chomwe cha buku lamalamulo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Nsanje izo." Sananame.

M'holide yomweyo ng'ombe za bambo wina wa kutsidya kwa dambo zinalowa m'munda mwathu n'kudya chimanga chomwe chinali chitangomasula. Mwini ng'ombe anakana kwamtuwagalu, ndipo nkhani inapita ku khoti laling'ono la kwa mfumu. Ine ndinayamba kukonza mawu anga ndikupalira, ndikusamba, ngakhale ndikudya. Ndinkadziwa poyambira, ndinkadziwanso pomwe mwini ng'ombe adzapunthwe.

M'mawa wa tsiku la mlandu adada anatulutsa jekete yawo ya kutchalitchi n'kumuveka mng'ono wanga.

"Le-lelo ayankhule ni uyu," anatero osandiyang'ana.

"Adada, ine sindine loya," iye anadandaula. "Lekani akulu ayankhule monga mwa masiku onse."

Adada sanamve zimenezo. Anandipatsa njinga kuti ndizikankha, iwo awiri n'kutsogola. Aliyense yemwe tinkakumana naye panjira, akangoti "Monile," adada ankaima n'kulimbana ndi mawu mpaka atamuuza kuti tikupita ndi loya. Ine m'mbuyomo ndinkangokukuta mano.

Mbiriyo inatitsogolera. Titalowa, mabenchi anali atadzaza, ena akusuzumira pazenera. Mlandu wathu utaitanidwa mng'ono wanga anaimirira, manja a jekete atamubisa zala. Woweruza, bambo wamagalasi okhuthala, anakweza dzanja.

"Ndimwe amene akuti ni loya?"

"Bwana, nikali mwana wa sukulu."

"Muno maloya saloledwa kuyankhula. Ili ni khoti la mwambo, munthu amazikambila yekha kapena m'bale wake."

"Koma bwana, ndine m'bale. Sindine loya. Chaka chino taphunzila chabe mbili na zachuma."

Anthu anaseka. Woweruza sanaseke. "Atate anu auza msewu onse kuti ndimwe loya. Kapaso wanga, mesenjala wa khoti lino, nayenso wamva. Lomba mufuna nikhulupilile ndani? Nkhalani pansi."

Ndisaname, mtima wanga unazizira ngati ndamwa tiyi wothira shuga, yemwe masiku amenewo tinkamuona mwa apo ndi apo. Adada anacheuka n'kundiyang'ana, koyamba tsiku limenelo. Ndinaimirira mosafulumira kuti aliyense aone.

Ndinayankhula mpaka kukhosi kuuma. Ndinafotokoza za mapazi a ng'ombe, za mpanda wothyoka, za mboni yomwe inaziona zikutuluka m'munda. Mwini ng'ombe anayamba kudzitsutsa yekha, ndipo khoti linagamula kuti atibwezere chimanga akakolola. Pobwerera njinga inkapepuka m'manja. Ndinkati adada aona okha, malo anga abwerera, ndipo jekete ija ibwerera pamsomali.

Tinapeza anthu atasonkhana pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu, akudikira kumva. Nkhope ya adada inkawala. Anaima pakati, anaponda pansi, anapondanso, mawu n'kutuluka.

"Kho-khoti lamuopa mwana wane."

Amayi anayamba nthungululu, azimayi ena n'kulandira. Mng'ono wanga anayesa kunena kuti wayankhula ndine, koma mawu ake anamira m'phokosomo, ndipo omwe anamva anangoti taonani kudzichepetsa kwa anthu ophunzira. Zimenezo zinandipweteka kuposa zonse, chifukwa ngakhale chilungamo chake chinkamuwonjezera ulemu.

Anthu ankafuna nkhani yonse, kuyambira pachiyambi. Adada anayesa, koma chisangalalo chinawatsekeratu pakhosi. Anandikoka pamkono n'kundiimika pakati pa bwalo.

"Iwe, auze bwino. Auze m'mene a-anamuopela."

Ndinayang'ana mng'ono wanga, iye n'kuweramitsa mutu. Ndinayang'ana adada, akumwetulira, akudikira kuti agwedeze mutu monga mwa nthawi zonse. Ndikanakana, bwenzi atafuna wina wowayankhulira, ndipo winayo anali pomwepo atavala kale jekete yawo.

Ndinakonza kukhosi n'kuyamba. Ndinafotokoza mmene khoti linakhalira zii loya wathu ataimirira, ndi mmene woweruza anakwezera dzanja mwamsanga loyayo asanatsegule n'pakamwa pomwe. Ndinaifotokoza bwino kwambiri, moti anthu anandipempha kuti ndibwereze.