Gitala wolira pansipansi

"Mpongozi, gitala ameneyu adzakulandani mwamuna." Anandichenjeza choncho ndi apongozi anga aakazi, nkhondo itafika kwathu kuno ku Milanje. Ine sindikhulupirira munthu, koma apo ndinamva.

Vuto silinali phokoso lokha loitana anthu amfuti. Nsambo za m'sitolo zinali zitasowa, ndipo bambo a ana anga ankakunga zawozo mpaka zizilira ngati udzudzu. Imodzi ikaduka, maso awo ankaloza njira ya ku Muloza, kumalire kumene nsambo zinkapezekabe. M'njira imeneyo anthu amfuti ankagwira amuna n'kuwasenzetsa katundu, ena osabwerako.

Tsiku lina ali kumunda ndinakhwefula nsambo zonse. Atabwera anakhwacha kamodzi n'kundiyang'ana.

"Mayi, mwalowetsa chule m'gitala mwanga?"

"Chule saduka, bambo. Imbani choncho."

Anayesa. Mawu akewo anawakonda ndithu, okhuthala, osafika ngakhale kunkhokwe. Koma nsambo yokhwepa sikhazikika. Nyimbo isanafike pakati inali itasokonekera kale, kwinaku nsambo zikukhula pathabwa. Anayambanso kutchula za Muloza, ati kumeneko kuli nsambo zonenepa.

"Zonenepa zili pakhomo pano," ndinatero, ndikuloza njinga yathu imene tinaikwirira kuseri kwa nthochi poopa olanda.

Tinafukula, n'kuchotsa waya wa mabuleki. Iwo anamasula timawaya take, n'kusiya tochuluka pa nsambo za mawu aakulu. Zoonadi, waya wonenepa umalimba ngakhale osaukunga kwambiri. Kenaka unayamba kukodwa m'timipata todutsa nsambo kumutu kwa gitala, paja timipatato tinali ta nsambo zowonda. Anasema kafupa ka ng'ombe, mipata yotakasuka, ine n'kupakamo phula la njuchi kuti waya uzitsetsereka. Kathabwa kotsamirapo nsambo anakakweza pang'ono, kukhula kuja kunatha. Zikhomo zopotera zinkabwerera zokha, ndiye tinazithira phulusa kuti zigwire.

Iwo anati zatheka. Ine ayi. Nsambo yatsopano imanama ngati mlendo: lero yamveka bwino, mawa yasintha. Ndinkaikoka ndi chala, iwo n'kuchuna, ine n'kukokanso, mpaka inatopa n'kukhala malo amodzi.

"Inu mayi, ngakhale waya simuukhulupirira?"

"Wandipatsa chifukwa chanji?"

Ku Muloza sanapitenso kufikira mfuti zitaleka. Titamva kuti njira zatseguka, anzawo anawabweretsera nsambo za m'sitolo, iwo anakana. Ati makutu anazolowera chule.

Bambowo anatisiya atakalamba, pamphasa pawo, ana ali pambali. Gitala alipo, ndipo mdzukulu wanga wamkazi wayamba kumugwira bwino, ngakhale ndimamuonetsetsa. Zala zangazi zikhomo sizipotanso. Ndiye mukamadutsa msewu wa ku Mongwe, patukani mudzandione ngati ndadzuka. Muyambe mwaodira muli patali, ndikuoneni nkhope. Gitala ndikupatsani mumve, koma wokunga nsambo zanga asadzabwerenso.