Mandasi a m'mapepala a mayeso

Nditapuma pa uphunzitsi ku Manyamula, ndinayamba kugulitsa mandasi pa Jenda. Majumbo ndinawakaniratu. Wogula aliyense ndinkayamba ndamulalikira kaye kuti pulasitiki ikupha mbuzi ndi kutseka ngalande, kenako n'kumukulungira mandasi m'mapepala akale amene anadzaza makatoni kunyumba kwanga. Ndinkadziona ngati mpulumutsi wa chilengedwe.

Lachiwiri lina m'minibasi munatsika Linily, amene ndinamuphunzitsa Sitandade 8 zaka khumi ndi zisanu zapitazo, pano ndi namwino. Anagula atatu, ulaliki n'kulandira wonse. Atadya limodzi, anatambasula pepala lija n'kuyamba kuliwerenga.

"Asambizgi," anandiitana m'Chitumbuka monga ankaitanira aphunzitsi kusukulu, "ichi ndi chimangirizo changa. Si paja munatiuza kuti mapepala athu anadyedwa ndi chiswe?"

Ndinasuzumira. Dzina lake linalipo, koma inki yofiira panalibe ngakhale kadontho. Chiswecho ndinali ine, ulesi wochonga.

Ndinabwereka bolopeni kwa kondakitala n'kuchonga pomwepo, pamwamba pa mafuta. Mwanayo anali atakhoza bwino chomene.

"Yewo," anathokoza akukwera minibasi. "Ndiwauza anzanga onse abwere adzagule. Nawonso akudikirabe malikisi awo."