Mpata wa Mano a Mayi Phiri

Ntchito ya pa kiliniki ya mano ndinaipeza kudzera mwa mnzanga amene tinkaimba naye kwaya kutchalitchi. Ndinali nditagwira zaka zinayi pa chipatala china cha kumudzi, komwe ntchito inali kuzula basi: munthu abwera tsaya litatupa, umubaya jakisoni, uzula, wina alowe. Nditayamba maphunziro apamwamba a kukonza ndi kukongoletsa mano, kusukulu anandiuza kuti ndipeze dokotala wamkulu wondiyang'anira, ndipo ndiziwatumizira zithunzi za ntchito yanga. Mnzangayo anandiperekeza kwa a Dokotala Tembo, mayi wosalankhulalankhula amene anali ndi kiliniki m'tauni ya Chipata.

Miyezi itatu yoyamba sanandilole kukhudza dzino lakutsogolo la munthu. Ndinkaphunzirira pa mano ozula kale. Umapaka asidi kuti dzino lisiye kuterera, n'kutsuka, n'kuumitsa ndi mpweya, n'kupaka guluu. Ukatero umayamba kuumba kompoziti, kaphala kofanana ndi dzino, pang'onopang'ono, ukukaumitsa ndi nyali yabuluu. Manja atazolowera, ndinayamba kudzimva. Mkamwa mulimonse ndinkangoonamo zolakwika.

Lachinayi lina kunabwera mayi Phiri a ku komboni ya Nabvutika, ogulitsa zitenje zimene ankakatenga kumalire ku Mwami. Anali atagwa pa njinga yonyamula anthu, dzino limodzi lakutsogolo n'kubenthuka pakona. A Tembo analiona, nati kwa ine, "A Lungu, ili mulikwanitsa," n'kupita kwa wodwala wina.

Nditayang'ana bwino ndinaona kuti pakati pa mano awiri akutsogolo panali mpata woti mtengo wa machesi n'kudutsa. Kusukulu ankafuna chithunzi cha mpata wotsekedwa, ndipo ine ndinalibe.

"Mayi, tikonze kuti muoneke bwino, eti?"

"Ee, a dokotala, inu ndinu odziwa."

Funso langa linali lokhalo. Ndinasankha mtundu wogwirizana ndi mano awo, ndinaumba kona yobenthukayo, kenako ndinakuza mano onse awiri mpaka anakumana. Ndinapukuta mpaka anawala. Kunena zoona, ndinali ndisanagwirepo ntchito yokongola chotero. Ndinajambula, n'kuwapatsa galasi ndikumwetulira.

Mayi Phiri anayang'ana nthawi yaitali. Anakweza mlomo ndi chala, n'kuyendetsa lilime pamene panali mpata paja.

"Mayo ine! Mpata wanga uli kuti?"

"Ndautseka, mayi. Onani mmene..."

"Anakutumani ndani? Ine ndabwera ndi dzino limodzi!"

Analira mokweza moti a Tembo analowa akuthamanga, magolovesi ali kumanja. Mayi Phiri ankalankhula uku akusisima. Mpatawo unali wa amayi awo, amene anamwalira chaka chathacho osasiya chithunzi ngakhale chimodzi. Kumudzi anthu akawaona akuseka ankati, "Malemu aja ndi awa." Ndipo m'mawa uliwonse, akamatsuka mano, ankaona amayi awo pamenepo.

M'mabuku onse amene ndinawerenga, mpata unali vuto loti ulichotse. Komatu ndinakulira kuno, komwe mkazi wa mpata timamutama kuti ndi chiphadzuwa. Ndinaiwala bwanji?

A Tembo sanandikalipire. Anagwira dzanja la mayi Phiri n'kunena kuti, "Pepani, mayi. Mano anu enieni ali pansi pa kaphalako, sanasemedwe. Mpata tiubweza." Atatembenukira kwa ine anati, "Mwaika ndinu, muchotsa ndinu."

Kuika kunanditengera ola limodzi, kuchotsa maola atatu. Kompoziti ndinaifananiza bwino kwambiri moti sindinkaona pamene ikuthera ndi pamene dzino likuyambira. Ndinkapala pang'ono ndi kamakina, n'kuumitsa ndi mpweya kuti malire aoneke, n'kupalanso ndi timapepala tokhakhala, podziwa kuti ndikangopitirira ndadya dzino la munthu lomwe silimeranso. Thukuta linkatsikira m'maso. Mayi Phiri anangotsinzina, misozi ikulowa m'makutu.

Titamaliza anatenganso galasi, nayang'ana kumanja ndi kumanzere.

"Wachepa pang'ono," anatero. "Koma ndi amayi omwe aja."

Sanandiyang'ane potuluka, ndipo sanabwerenso.

Madzulo a Tembo anandipeza ndikutsuka zipangizo. "Ntchito munaigwira bwino, a Lungu," anatero. "Kungoti nkhope sinali yanu."

Maphunziro ndinamaliza, ndipo mano ambiri ndakonza kuyambira pamenepo. Koma munthu akakhala pampando, ndisanagwire chipangizo chilichonse, ndimayamba ndamupatsa galasi n'kumufunsa kuti, "Mkamwa mwanumu, n'chiyani chimene simukufuna kuti ndikhudze?"