Nduna ya Zamadzi ya ku Minda ya Thamesmead

M'chaka cha 2003, chisanu chitangotha, khansolo inatipatsa timinda kuseri kwa mafulati a ku Thamesmead. Tinali mabanja ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe, ndipo mpopi unali umodzi, wokhala ndi loko. Pa 26 Epulo tinasankha komiti. Wina anachita nthabwala kuti wosunga kiyi wa mpopi azitchedwa Nduna ya Zamadzi. Tonse tinaseka, kupatula a Killian Matewere, amene anaimirira n'kulandira kiyiyo ndi manja awiri.

A Killian anabadwira pafamu ya fodya ku Zimbabwe mu 1948, makolo awo ochokera ku Dedza. Anafika ku London mu 2001 n'kupeza ntchito yaulonda ku Greenwich. Munda wawo unali waukulu kuposa yonse, kumapeto kwenikweni, kutali ndi mpopi. Kutalikako sikunawavute, chifukwa payipi yaitali ya gulu inkagona m'kanyumba kawo ka zipangizo. Zaka zitatu zoyamba anagwira bwino ntchito: kutsegula mpopi, kukonza potayikira, kuthetsa mikangano ya pamzere.

Pa 3 Epulo 2006, chifukwa cha chilala, kuthirira ndi payipi kunaletsedwa. A Nduna anawonjezapo malamulo awoawo. Mpopi uzitsegulidwa Lachitatu ndi Loweruka m'mawa mokha. Munthu aliyense ndowa ziwiri. Wina asatungire mnzake.

Woyandikana nane munda anali a Petronella, mayi wamasiye wogwira ntchito pachipatala cha ku Romford. Amuna awo, a Lasten, anamwalira mu Novembala 2005. Anawasiyira nthanga za maungu zochokera kwawo ku Ntcheu, zimene chaka chilichonse ankasunga posiya dzungu limodzi kuti likhwime kuzizira kusanabwere. Mu 2006 mbewu zoyamba zinapsa ndi chisanu cha mu Epulo, ndiye a Petronella anabzala nthanga zonse zotsala. M'nyumba simunatsale ngakhale imodzi.

Mu Julaye dzuwa linaswa mtengo. Mashifiti awo ankagwera m'mawa, ndipo kuchokera kuno kukafika ku Romford ndi ulendo wa mabasi osinthasintha. Loweruka pa 8 Julaye anapempha kuchedwa kuntchito, nabwera kumpopi atavala kale yunifomu.

"A Nduna, mulole amayi awa azinditungira," anatero akuloza ine. "Kapena mundibwereke kiyi madzulo. Mbewuyi ndi ya malemu."

"Mayi, lamulo silidziwa maliro," anayankha a Killian. "Ndikakulolani inu, mawa ndilola Thamesmead yonse."

"Ndowa ziwiri zokha, a Nduna."

"Ziwirizo muzitunga nokha."

Ndinayesa kugawa ndowa zanga pakati pa minda iwiri, koma nthaka inkamwa madzi ngati phulusa. Pofika pa 29 Julaye chibwabwa cha a Petronella chinali chitauma mpaka kumizu. Chimanga cha a Killian chinali chobiriwira, ngayaye zili mbuu. Zenera la kukhitchini kwanga limayang'ana kumindako, ndipo ndinali nditawaona kale a Killian akamaweruka kuulonda kukucha: kutsegula loko, kukoka payipi mpaka kumapeto, kenako kuikulunganso anthu asanadzuke. Ndinawauza a Petronella. Sanalire, sanapite kukhansolo. Anangofunsa kuti chisankho chili liti.

Pa 28 Epulo 2007 tinawasankha a Petronella kukhala Nduna m'malo mwa a Killian. Ine ndinakweza dzanja msanga kuposa aliyense. Tsiku lomwelo anatulutsa payipi ija n'kuiduladula ndi mpeni, tizidutswato n'kutigawa kuti tizivundikira nsonga za mitengo ya nyemba, ana asalaswe m'maso.

"Malamulo a nduna yopuma ndi abwino," anatero. "Sindisinthapo kanthu, koma nthawi yokha. Mpopi uzitsegulidwa madzulo."

Madzulo ndi pamene a Killian ankakwera basi yopita kuntchito.

Mvula inawateteza zaka ziwiri. Chilimwe cha 2007 chinali chamvula, cha 2008 chimodzimodzi, ndipo chimanga chawo chinkadzikulira chokha. Ankadutsa pampopi akuimba likhweru. A Petronella ankalima nyemba ndi mpiru. Anthu ankawapatsa nthanga za maungu ena, iwo n'kuthokoza, koma osabzala.

Kumapeto kwa Juni 2009 kutentha kunabwerera. Apa n'kuti a Killian bondo lakumanja litatupa, akuyenda motsimphina. Lachitatu pa 1 Julaye anajomba kuntchito kuti atunge. Ndinawaona akunyamula ndowa, kupuma, kunyamulanso, theka la madzi likutayikira m'njira. Atathira ziwirizo, mzere umodzi wokha ndiwo unanyowa. Anabwerera kumpopi chipewa chili m'manja.

"Mayi Petronella, tonse ndife alendo kuno. Mulole munthu andinyamulire. Bondoli."

"Mukuti ndani? Pampopi pano pali a Nduna."

"A Nduna," anatero, mawu ali pansi. "Chimangachi chikufa."

"Changa chinafa pa 29 Julaye 2006. Amayi awa ndi mboni."

Ndinavomera ndi mutu.

"Zakale zimenezo, mayi. Si ndife Akhristu?"

"Lamulo silidziwa bondo," anatero a Petronella, natseka loko.

Ena pagulupo anayang'ana pansi. Wina anandinong'oneza kuti zafika poipa, kuti ine monga wamkulu ndilankhulepo. Ndinayankha kuti ndinalankhula kale mu 2006, ndipo panalibe wondithandiza. Ndowa zanga ziwiri ndinakathira pa tomato wanga.

Mvula itabwera mkati mwa Julaye, chimanga chija chinali chitapiringizika masamba, zisononkho zopanda maso. A Killian sanachizule. Anachisiya chili chiimire, mwina kuti tizichiona n'kumva chisoni. Tinkachiona ndithu, a Petronella ndi ine, tikamadya nyemba zathu zowiritsa pabenchi.

A Killian anabweza munda kukhansolo, nanyamula khasu ndi ndowa zawo, ndipo panalibe amene anawaperekeza pageti. Linali Loweruka, pa 29 Ogasiti 2009.